Mmene ndimatera pa sitima yonyamula ndege mu DCS World ndi kuwerenga malikisi a kompyuta

Kutera ndi ndege ya F/A-18C Hornet pa sitima yapamadzi yonyamula ndege zankhondo ndi ntchito imene chimake chake sichikwana ngakhale theka la mphindi, komabe masekondi ochepawo amachongedwa onse. Pa sitima zenizeni za asilikali apamadzi a United States, wochonga amakhala munthu wotchedwa LSO, woyendetsa ndege wodziwa bwino amene amaima chakumbuyo kwa sitima mbali ya kumanzere n'kumayang'ana ndege iliyonse ikamatsika. Mu DCS World, pulogalamu yoyeserera kuyendetsa ndege ya kampani ya Eagle Dynamics, ntchitoyi imagwiridwa ndi kompyuta, kaya kudzera mu Supercarrier, gawo logula padera limene linatuluka mu 2020, kapena kudzera mu AIRBOSS, kapulogalamu kolembedwa m'chinenero cha kompyuta cha Lua kamene kamapezeka mu MOOSE, gulu la timapulogalamu tothandiza pokonza mamishoni a DCS, ndipo okonza mamishoni amakaikamo okha. Ine ndimagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ndipo zimene ndikufotokoza pano ndi za Case I, kutera kwa masana kunja kukuoneka bwino.

Ndisanayandikire sitima ndimayamba ndaona kulemera kwa ndege, chifukwa Hornet siyenera kupitirira mapaundi 33,000 pokola umodzi wa mawaya oyalidwa mopingasa pa bwalo la sitima kuti aziimitsa ndege, ndipo mafuta akachuluka ndimawataya kaye. Ndimatchera TACAN ya sitimayo, wailesi yosonyeza kumene ili, kuti ndizidziwa mtunda, ndimatsitsa ngowe ya kumchira yokolera waya, kenako ndimasunga m'mutu nambala ziwiri. Yoyamba ndi ya kumene sitima yalunjika, ndipo yachiwiri ndi ya bwalo loterapo, limene pa sitima za mtundu wa Nimitz linapendekera kumanzere ndi madigiri 9. Ngati mishoni ili ndi AIRBOSS, ndimatsegula menyu ya F10 n'kusankha mlingo. Mlingo wa Flight Student umapereka malangizo pa sitepe iliyonse, pamene wa TOPGUN Graduate umapereka malangizo ochepa kwambiri, ndipo kwa munthu amene akuyamba ndimaona kuti woyambawo ndi woyenera, chifukwa umatchula cholakwa pamalo pomwe chachitikira.

Ndimabwera kuchokera kumbuyo, pang'ono kumanja kwa sitima, ndili pa mafiti 800 ndi liwiro la ma knots 350. Ndikadutsa kutsogolo kwake ndimakhota mwamphamvu kumanzere, liwiro likatsika pa 250 ndimatsitsa matayala ndi ma flaps, timapiko ta kumbuyo kwa mapiko tothandiza kuuluka pa liwiro lochepa, kenako ndimatsikira pa mafiti 600 ndikulowera kumene sitima yachokera. Apa ndi pamene ndimataya nthawi yambiri pa trim, kutchera ndege kuti mphuno yake ikhazikike yokha, mpaka kangodya kamene mapiko akukumana nako ndi mphepo kakhazikike pa madigiri 8.1. Ndimadziwa kuti zatheka kabwalo kachikasu kakayaka pambali pa HUD, galasi la kutsogolo kwanga loonetsa nambala za kaulukidwe. Kachizindikiro kobiriwira kam'mwamba kakayaka ndiye kuti ndege ikuchedwa, ndipo kofiira kam'munsi kamasonyeza kuti ikuthamanga. Pofika moyang'anizana ndi kumbuyo kwa sitima ndiyenera kukhala patali pafupifupi mailosi 1.2 apamadzi, ndege itakhazikika kale, chifukwa malikisi amene adzatuluke pamapeto amayambira pomwepa ngakhale kuti kuchonga kwenikweni kumakhala kusanayambe. Ndikachedwa kukhota, AIRBOSS imatha kundibweza ndisanafike n'komwe pa mzere wotsikira.

Ndimapendeketsa ndege ndi madigiri pafupifupi 30 n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, kuti pakati pa kona ndikhale pa mafiti pafupifupi 450. Ndikawongoka ndimakhala ndalowa mu groove, kachigawo komaliza kamene kayenera kutenga masekondi 15 mpaka 18. Kumanzere kwa bwalo kuli magetsi a IFLOLS, amene ali ndi mzere wopingasa wobiriwira ndi kadontho kachikasu kamene oyendetsa ndege amakatcha ball. Kadonthoka kakafanana ndi mzere wobiriwira ndiye kuti ndili pa njira yotsikira ya madigiri 3.5, kakakwera ndili pamwamba, kakatsika ndili pansi, ndipo kakatsika kwambiri kamasanduka kofiira. Ndikakaona ndimatchula nambala ya ndege, mawu akuti Hornet ball ndi mafuta otsala, LSO n'kuyankha kuti roger ball.

Kuyambira apa maso anga amazungulira pa zinthu zitatu zokha, ball, mzere wapakati pa bwalo ndi kangodya kaja. Kukwera ndi kutsika ndimakuwongolera ndi throttle, chogwirira cha dzanja lamanzere chowonjezera ndi kuchepetsa mphamvu ya injini, osati ndi mphuno ya ndege, ndipo ndikawonjezera mphamvu ndimaibweza msanga kadonthoko kasanapitirire, kenako n'kuikanso pamene ndege imatsika bwino. Dzanja lamanzere silipuma. Mzere wapakati nawo umangothawira kumanja, popeza sitima ikuyenda kutsogolo pamene bwalo lake ndi lopendekera, choncho ndimakhala ndikutsitsa phiko lamanja pang'ono n'kulibweza. Sindiyang'ana pamene matayala agunde ndiponso sindinyamula mphuno ngati pa bwalo la pamtunda. Matayala akangokhudza ndimakankha throttle mpaka MIL, mphamvu yonse ya injini popanda kuyatsa moto wowonjezera wa kumbuyo, chifukwa ngowe ikalumpha mawaya onse anayi, ndege iyenera kukhala ndi mphamvu zonyamukiranso. Ndimachotsa mphamvuzo ndege ikaimiratu.

Pakangopita masekondi ochepa mzere wa zilembo umaoneka pa sikirini, ndipo gawo limene ndimaliona lofunika kwambiri limayamba pamenepa. Choyamba ndi giredi. OK wokhala ndi mzere kunsi kwake ndi wa mapointi 5 ndipo sapezeka wamba, OK wamba ndi wa 4, OK wa m'mabulaketi ndi wa 3, pamene timizere tokha timatanthauza kuti palibe giredi yabwino ndipo ndi mapointi 2. Kuphonya mawaya onse, kumene amati bolter, kumapatsidwa 2.5, kubwezedwa chifukwa cha katsikidwe koipa ndi 1, ndipo cut, kutera koika moyo pachiswe, ndi 0. Anthu ambiri amadabwa kuti bolter imaposa kutera kumene kwakoladi waya, koma zimenezi n'zomveka, popeza ndege yopitirira pang'ono imangozungulira n'kudzayesanso, pamene yotsika kwambiri ikhoza kumenya m'mphepete mwa sitima.

Pambuyo pa giredi pamabwera ndemanga zachidule, ndipo iliyonse ili ndi magawo awiri, cholakwa ndi malo amene chachitikira. H ndi kukwera, LO ndi kutsika, F ndi kuthamanga, SLO ndi kuchedwa, LUL ndi LUR ndi kupatukira kumanzere kapena kumanja kwa mzere wapakati. Malo ake ndi X poyambira groove, IM pakati, IC pafupi, AR pamwamba pa m'mphepete mwa sitima ndi IW m'mawaya. Cholakwa chikaikidwa m'mabulaketi ndiye kuti n'chaching'ono, chikakhala ndi mzere kunsi n'chachikulu. Motero mzere wakuti HX FIM LOAR wotsatiridwa ndi waya woyamba umanena kuti ndege inayamba ili pamwamba, inathamanga pakati, ndipo inafika pa sitima ili pansi. LSO wa mu Supercarrier amakondanso kulemba EGIW, kusonyeza kuti woyendetsa anachepetsa mphamvu ali m'mawaya.

Kompyuta imayeza molondola kwambiri, koma imangolemba pamene ndege inali, sifotokoza chimene chinaifikitsa pamenepo. Imaona zolakwa zitatuzo ngati zosiyana, pamene LSO wamunthu akanati ndi chimodzi, chifukwa ndege inalowa mu groove ili pamwamba, woyendetsa anagwetsa mphuno kuti apeze ball, liwiro linakwera, iye n'kudula mphamvu, ndegeyo n'kumira pa mphindi yomaliza. N'chifukwa chake ine ndimawerenga mzerewo kuchokera kumapeto kubwerera kuchiyambi, ndipo ndikafika pa X ndimapitirira n'kudzifunsa kuti pakati pa kona ndinali pa mafiti angati, ndiponso kuti poyamba kukhota ndinali patali bwanji ndi sitima. Munthu amene angolimbana ndi LO ya kumapetoyo, n'kumawonjezera mphamvu pamwamba pa m'mphepete, amangosinthanitsa waya woyamba ndi bolter.

Nambala ya waya sindiipatsa ulemu wochuluka. Waya wachitatu ndi umene magetsi amalozako, koma mawayawo anatalikirana mafiti pafupifupi 40 okha, moti ndege yotsika mosakhazikika ikhoza kuukola mwamwayi, ndipo wochonga wabwino, kaya ndi munthu kapena pulogalamu, salola kuti mwayi umenewo ubise zimene zachitika mu groove.

AIRBOSS ikhoza kusunga kutera kulikonse mu fayilo ya CSV yotchedwa trap sheet, ngati mwini mishoni walola kuti izilemba mafayilo. Mmenemo muli mtunda, kupatuka pa njira yotsikira, kupatuka pa mzere wapakati ndi kangodya ka mapiko pa kamphindi kalikonse. Ndimaitsegula pamodzi ndi kujambula kwa Tacview, pulogalamu yoonetsanso mmene ndege inaulukira, ndipo ndimafufuza malo oyamba amene nambala zinayamba kupatuka, osati amene zinapatuka kwambiri. Ndikawapeza ndimasankha chinthu chimodzi chokha chosintha pa ulendo wotsatira, mwachitsanzo kuyamba kutsika msanga pokhota kuti ndifike pa mafiti 450 pakati pa kona, ndipo zina zonse ndimazisiya mmene zinalili kuti ndithe kuona ngati H ya pa X yachoka.