Zimene atsogoleri a Royal Enfield anakonza kuti dzina lakale lidzuke

Njinga zamoto zambiri zimene zikunyamula anthu ndi matumba a feteleza kuno ku Chipata, kaya ku Katete ndi ku Lundazi, n'zochokera ku India kapena ku China. Bajaj Boxer ndi TVS aliyense amazidziwa. Koma ku India komweko kuli dzina lina lakale kwambiri, Royal Enfield, limene linatsala pang'ono kufa kenako n'kudzuka. Chimene chinalidzutsa ndi ntchito ya m'galaja: kutseka podontha oyilo, kusintha giyabokisi, ndi kudziwa chimene sichiyenera kukhudzidwa.

Kampaniyi inayambira ku Redditch, ku England, ndipo njinga yake yamoto yoyamba inatuluka mu 1901. Ya mtundu wa Bullet inabwera mu 1932. Mu 1955 anagwirizana ndi Madras Motors kuti Bullet 350 izilumikizidwa mumzinda wa Madras, umene lero ukutchedwa Chennai, makamaka chifukwa asilikali a India ankaifuna. Ku England ntchito inatha pofika 1970, koma ku India anapitiriza kupanga njinga yomweyo ya m'ma 1950, osasintha zambiri, kwa zaka makumi anayi. Kampani ya Eicher inatenga bizinesiyi mu 1994. Pofika 2000 ankagulitsa njinga pafupifupi 2,000 pamwezi, fakitale ikutha kupanga katatu kuposa pamenepo, ndipo eni ake ankaganiza zoigulitsa kapena kuitseka. Apa mpamene Siddhartha Lal, mwana wa m'banja la eni Eicher, anapempha kuti aiyendetse. Anali ndi zaka 26.

Kuti timvetse ntchito imene inali patsogolo pake, tione Bullet yakaleyo mmene inalili. Silinda yake inali yachitsulo cholemera. Injini inali payokha, giyabokisi payokha kumbuyo kwake, ndipo kilachi ndi tcheni cholumikiza ziwirizi zinali m'chikho chachitatu. Malo atatu othiramo mafuta, malo atatu odontha. Oyilo wopita kumutu kwa injini ankadutsa m'timapaipi takunja, ndipo polumikizira paliponse pankatha kuchucha. Makina osulira zitsulo anali atakalamba, moti nkhope ziwiri zokumana sizinkakhala zosalala bwino. Makaniko amange gasiketi yatsopano, pakapita masabata ochepa pansi panyowanso. Aliyense amene anamangapo injini akudziwa kuti gasiketi imatseka kampata kakang'ono, osati chitsulo chopindika.

Magiya anali anayi, ndipo chopondera chake chinali kumwendo wamanja, buleki yakumbuyo kumanzere. Munthu wozolowera Honda kapena Bajaj akakwera, pangozi ankaponda giya poganiza kuti ndi buleki. Moto wa pulagi unkadalira mapointi, tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutseka magetsi, amene amapsa ndi kufuna kuchunidwa kawirikawiri. Matapeti, tizitsulo tokankha mavalavu a injini, nawo ankafuna sipanala nthawi ndi nthawi. Kuliza kwake kunali luso palokha: ukoke kachitsulo kotulutsa mpweya m'silinda, upondereze kiki pang'onopang'ono uku ukuyang'ana muvi wa ameta (kawotchi koonetsa magetsi) mpaka pisitoni idutse pamwamba, ndiye uponde mwamphamvu kamodzi. Ukalakwitsa, kapena moto ukakhala kuti ukubwera msanga, kiki inkabwerera n'kukupweteka bondo.

Okonda Bullet ankati zonsezi ndiye kukoma kwake. Vuto linali lakuti okondawo anali ochepa, ndipo achinyamata ankathamangira njinga za 100cc zosadontha, zosamwa petulo wambiri. Lal ndi anzake, kuphatikizapo R.L. Ravichandran amene anakhala mkulu wa Royal Enfield mu 2005, anayenera kusankha chosintha ndi chosiya.

Anasintha zambiri. Giya inapita kumanzere, magiya anakhala asanu. Mapointi analowedwa m'malo ndi moto wa ilekitironiki, sitata inaikidwa. Chachikulu chinali injini yatsopano yotchedwa UCE, imene inayamba kuoneka cha m'ma 2008: injini, giyabokisi ndi kilachi zonse m'chikho chimodzi cha aluminiyamu, zogwiritsa ntchito oyilo mmodzi. Malo odontha anachepa, zitsulo zoti zisulidwe ndi kumangidwa zinachepanso, ndipo matapeti anayamba kudzichuna okha ndi mphamvu ya oyilo. Malamulo a utsi, makamaka ku Ulaya, anawakankhanso, chifukwa injini yakaleyo sikanatha kuwakwaniritsa.

Chimene anasiya ndiye chikuonetsa kuti ankaidziwa njinga yawo. Pa injini ya 350, silinda ndi yotambalala mamilimita 70 koma pisitoni imayenda mamilimita 90. Kuyenda kwakutali kumeneku, pamodzi ndi fulayiwilo yolemera, n'kumene kumapangitsa injini kuzungulira modekha, kukoka mwamphamvu ngakhale ili pansi, ndi kulira mwa "du, du, du" kumene anthu amaizindikira nako ili kutali. Akanafupikitsa kuti ithamange, akanapanga njinga yofanana ndi zina zonse pamsika, ndipo pamenepo sakanapambana Bajaj kapena Hero pa mtengo. Choncho miyezoyo inakhala momwemo mu UCE. Mu 2009 anatulutsa Classic, yooneka ngati ya m'ma 1950 koma yolira pongokanikiza batani.

Ndalama zochitira zimenezi sizinagwe kumwamba. Mu 2005 Eicher inagulitsa bizinesi yake ya mathirakitala kwa kampani ina ya ku India, TAFE, n'kusiyanso mabizinesi ena ambiri kuti itsale ndi njinga zamoto ndi malole. Ambiri akamasimba nkhaniyi amadumpha mbali imeneyi, koma popanda iyo UCE ikanathera papepala.

Classic itagwira msika kunabuka vuto lina: fakitale yakale ya ku Tiruvottiyur sinkakwanitsa, ndipo ogula ankadikira miyezi yambiri. Anatsegula ina ku Oragadam mu 2013 ndi inanso ku Vallam Vadagal mu 2017. M'chaka cha malonda cha 2017 mpaka 2018 anagulitsa njinga zoposa 800,000. Si zonse zinayenda bwino. UCE inkanjenjemera kwambiri ukaithamangitsa chifukwa inalibe shafuti yoletsa kunjenjemera, ndipo maboliti ankamasuka. Njinga yawo ya mtundu wa Himalayan yoyamba ya 2016 inadandaulitsa ogula ambiri. Kunjenjemerako kunachepa mu 2020 ndi injini ya J, imene inayambira pa Meteor 350: ili ndi shafuti imeneyo, kamu ili pamwamba, koma pisitoni ikuyendabe ulendo wautali, mamilimita 85.8 m'silinda ya 72.

Nkhani ya Norton, dzina lina lakale la njinga zamoto za ku England, ikusonyeza mbali ina. Dzinali ndi la ku Birmingham kuyambira 1898. Linadzutsidwa mu 2008, njinga zokongola zinaonetsedwa, koma kampaniyo inagwa mu January 2020. TVS, yomweyi ya njinga zimene timaziona pa Kapata, inaigula mu April chaka chomwecho pa mapaundi 16 miliyoni. Mainjiniya atsopano atapasula njinga ya Norton yotchedwa V4SS anapeza zolakwika 35, zina zoika moyo pachiswe. Anayamba amanga kaye fakitale ku Solihull ndi kukonzanso njingayo isanabwerere pamsika ndi dzina lakuti V4SV.

Kwa munthu wa kuno amene wakopeka ndi Enfield yogwiritsidwapo kale ntchito, zaka zimene tatchulazi n'zothandiza. Ikakhala ndi giya kumanja ndi giyabokisi yooneka payokha, ndi yakale ija. Imafuna makaniko wodziwa mapointi ndi mafuta atatu osiyana. Ikakhala UCE, ilizeni itazizira n'kumvetsera kumutu: kugogoda kwa masekondi ochepa n'kwabwino pamene oyilo akukwera, koma kukapitirira ndiye kuti oyilo ndi wakuda, sefa yatsekeka, kapena pampu yafooka. Yang'anani pansi pa injini ikaima mphindi khumi, gwedezani maboliti ogwira injini ku felemu, ndipo yesani sitata kangapo kuti mumve ngati ikuterereka. Musanapereke ndalama, funsani m'mashopu a masipeya m'tauni ngati mungapeze sefa ya oyilo, kebulo ya kilachi ndi masiproketi ake. Za Boxer mumazipeza tsiku lomwelo ngakhale ku Chadiza. Za Enfield konzekerani kuitanitsa ku Lusaka kapena kunja, njinga itaima.