Bolodi ya USB yojambulira kwaya, yopangidwa pamanja kuno ku Mulanje

Makwaya ambiri a m'mipingo ya kuno ku Mulanje ali ndi miksa, maikolofoni angapo ndiponso kiyibodi, koma ikafika nthawi yojambula nyimbo, anthu amangotenga waya wochokera ku miksa n'kumulowetsa pabowo la maikolofoni la laputopu. Zimene zimatuluka timazidziwa tonse: mawu amakhala osweka, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zimasanduka imodzi, ndipo pansi pa nyimbo pamamveka kung'ung'uza kosalekeza. Vuto silikhala la oyimba kapena la miksa. Bowo limenelo linapangidwira kamaikolofoni kotulutsa mphamvu yochepa kwambiri, choncho mawu ochokera ku miksa amaliposa mphamvu, komanso sakiti yake ili mkati mwa laputopu, moyandikana ndi zida zina zodzaza phokoso la magetsi. Chofunika ndi kachipangizo kokhala kunja kwa kompyuta, kamene kamasandutsa mawu kukhala manambala n'kuwatumiza kudzera pa USB. Zipangizo zoterezi zimagulitsidwa, koma ine ndinasankha kudzipangira, ndipo ntchitoyi inandionetsa kuti mbali imene anthu amaiopa, ya manambala ndi USB, ndi imene ili yosavuta, pamene luso lenileni limafunika pa magetsi odyetsa bolodi ndi pa njira ya mawu asanasanduke manambala.

Mtima wa bolodi yanga ndi IC yotchedwa PCM2902 ya kampani ya Texas Instruments, imene inachokera ku Burr-Brown, kampani yomwe Texas Instruments inagula mu 2000. Mkati mwa kachidutswa kakuda ka miyendo 28 kameneka muli chosandutsa mawu kukhala manambala, chobwezera manambala kukhala mawu, ndiponso mbali yolankhulana ndi kompyuta. Imatsatira ndondomeko ya USB Audio Class 1.0 imene inatuluka mu 1998, ndipo n'chifukwa chake sifuna pulogalamu yapadera, chifukwa Windows, Linux ndi macOS zimaizindikira zokha. Kwa munthu wokhala kumene intaneti imadya ndalama, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Mmene imagwirira ntchito ndi motere. Pa 48 kHz, IC imayeza msinkhu wa mawu maulendo 48,000 pa sekondi iliyonse mbali iliyonse, ndipo muyezo uliwonse umalembedwa ndi mabiti 16, kutanthauza kuti pali masitepe 65,536 kuchokera pansi kufika pamwamba. Mbali ziwirizo pamodzi zimatulutsa mabiti 1,536,000 pa sekondi, zomwe n'zochepa poyerekeza ndi mabiti 12 miliyoni amene USB 1.1 imatha kunyamula. USB imagawa nthawi m'zigawo 1,000 pa sekondi, ndipo m'chigawo chilichonse mumalowa miyezo 48 ya mbali iliyonse, yomwe mbali ziwirizo pamodzi ndi mabayiti 192. Pa 44.1 kHz, liwiro la ma CD, nambalayo sigawika bwino, choncho zigawo 9 zimanyamula miyezo 44 ndipo cha 10 chimanyamula 45. Ineyo ndimakonda 48 kHz, chifukwa ndi imene imagwiritsidwa ntchito m'mavidiyo, ndipo masiku ano kwaya iliyonse imafuna vidiyo. Malire a mawu amene angajambulidwe ndi theka la liwirolo, ndiye kuti 24 kHz, pamene khutu la munthu limalekezera cha pa 20 kHz.

Zida zozungulira IC si zambiri: crystal ya 12 MHz, imene imawerengera IC nthawi, ndi timakapasita take tiwiri, marezisita awiri a 22 ohm pa mawaya a D+ ndi D− onyamula manambala pa USB, ndiponso rezisita ya 1.5 k pa D+, imene imauza kompyuta kuti chalumikizidwa ndi chipangizo cha liwiro la mabiti 12 miliyoni. Zonsezi zili m'chikalata cha IC chimene opanga anatulutsa, ndipo palibe chifukwa chosinthira kanthu. Makapasita, marezisita ndi masoketi wamba amapezeka m'mashopu a zamagetsi ku Limbe kapenanso m'mawailesi akale, koma IC yeniyeniyo ndinachita kuitanitsa kunja. Ogulitsa ena a pa intaneti amatumiza zabodza, choncho mtengo wotsika mopitirira muyezo uzikuchenjezani.

Tsopano ndifike pa nkhani ya magetsi. USB imapereka mavolti 5, koma mavolti amenewo amachokera m'kompyuta ali odetsedwa ndi phokoso la purosesa, chaja ndi zina zonse. Chosandutsa mawu chimayerekeza mawu olowa ndi magetsi amene chikudya, kotero kuti magetsiwo akamagwedezeka, kugwedezekako kumalembedwa m'nyimbo ndipo sikudzachokanso. Pa bolodi yanga ndinaika ferrite bead, kachida kosefa phokoso la magetsi, pamene mavolti 5 akulowera, ndi kapasita yaikulu pambuyo pake, kenako ndinadyetsa mbali ya mawu kudzera pa regulator (chida chosunga mavolti pa msinkhu umodzi) yakeyake yopanda phokoso, m'malo modalira ya mkati mwa IC. Timakapasita ting'onoting'ono tosefa magetsi tiyenera kukhala pafupi kwambiri ndi miyendo imene tikutumikira. Kapasita yabwino imene yaikidwa patali imagwira ntchito yochepa kuposa yotchipa imene yakhudzana ndi mwendo wa IC.

Ground, njira imene magetsi amabwerera, ndiyo imavutitsa anthu koposa, chifukwa pa chithunzi cha sakiti imaoneka ngati chizindikiro chabe. Magetsi obwerera amayenda ngati madzi a mvula m'munda wa m'mbali mwa phiri: mukapanda kuwakumbira ngalande, amadzipezera okha njira, ndipo kawirikawiri amadutsa pamene pali mbewu. Pojambula bolodi mu KiCad, pulogalamu imene ndi yaulere, ndinasiya mbali yonse ya pansi kukhala mkuwa wosadukiza wa ground, ndinaika soketi ya USB ndi crystal kumapeto kumodzi, ndipo masoketi a mawu ndinawaika kumapeto kwina, kuti magetsi a mbali ya manambala asakhale ndi chifukwa chodutsira pansi pa mbali ya mawu. Mawaya a D+ ndi D− ndinawayendetsa limodzi, aafupi komanso ofanana kutalika.

Bolodi yokha ndinaipanga ndi njira imene okonza mawailesi akhala akuigwiritsa ntchito: kusindikiza chithunzi cha mizere pa pepala losalala ndi printa ya laser, kuchisita pa mkuwa ndi simbi mpaka inki itamatirira, kunyika m'madzi kuti pepala lifewe n'kuchoka, kenako kuika bolodi mu ferric chloride kuti adye mkuwa wosaphimbidwa. Mankhwalawa akakhala ofunda pang'ono amadya msanga, ndipo mumaona mkuwa ukusuluka kuyambira m'mphepete, madzi achikasu aja akuda pang'onopang'ono. Amafuna chidebe cha pulasitiki, chifukwa chachitsulo amachiboola, ndipo akadontha pa malaya banga lake silichoka. Otsala musawataye m'ngalande kapena pafupi ndi mtsinje, chifukwa mkuwa wosungunukamo umapha nsomba, ndipo mitsinje yathu yotsika m'phiri ndi yomwe anthu a kumunsi amamwa. Asungeni m'botolo lotsekedwa ndi lolembedwa bwino, kutali ndi ana.

Miyendo ya PCM2902 ndi yotalikirana mamilimita 0.65 okha, ndipo apa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo. Ngati simbi yanu siitulutsa mizere yopyapyala chonchi, pali timabolodi togula tosinthira miyendoyo kuti italikirane, ndipo kugwiritsa ntchito timeneti si manyazi. Powotcherera, ndimayamba ndagwiritsa mwendo umodzi wa pakona, n'kuwongola IC mpaka miyendo yonse itakhala pa malo ake, kenako ndimagwiritsa mwendo wa pakona ina. Ndikatero ndimapaka flux wambiri, mankhwala othandiza mtovu kuyenda bwino, n'kukoka nsonga ya chowotcherera, yokhala ndi kadontho ka mtovu, kudutsa mzere wonse wa miyendo. Mtovu umadzigawa wokha, ndipo pamene walumikiza miyendo iwiri ndimauyamwa ndi kalamba koluka ka mkuwa. Kamera ya foni imathandiza kuona zimene maso aphonya. Musanalowetse bolodi mu laputopu, yezani ndi multimeter pakati pa mavolti 5 ndi ground, chifukwa shoti pamenepo ingawononge bowo la USB la makina amene mwina ndi obwereka. Zonse zikakhala bwino, kompyuta imaonetsa chipangizo chatsopano chotchedwa USB Audio CODEC.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri opanga mabolodi otere sachiganizira. IC imeneyi imadzaza mawu olowa akafika mavolti 2 kapena kuyandikira pamenepo, kuyeza kuchokera pansi pa funde kufika pamwamba pake. Miksa yambiri ikafika pa msinkhu wake wa masiku onse wa +4 dBu imatulutsa pafupifupi mavolti 3.5 pa muyezo womwewo, ndipo kwaya ikakweza mawu pa kolasi imapitirira pamenepo. Mawu akadulidwa nsonga asanasanduke manambala, kutsitsa voliyumu mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu pa kompyuta, sikungawabwezeretse. Choncho ndinaika chotsitsira mawu chozunguza ndi dzanja patsogolo pa IC, ndi makapasita otsekereza magetsi osasinthasintha, popeza miyendo yolandira mawu imakhala pa theka la magetsi a IC. Pojambula ndimachizunguza mpaka nsonga za mawu zizifika cha pa −12 dB pa mita ya pulogalamuyo, kuti asoprano akafuula papezeke malo.

Kung'ung'uza kwa 50 Hz, komwe ndi liwiro la magetsi a m'nyumba ku Malawi, kungabwerebe ngakhale bolodi ili yabwino, ngati miksa ndi chaja ya laputopu zonse zalumikizidwa ku earth ya nyumba, chifukwa waya wa mawu amatseka bwalo limene magetsi amazunguliramo. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani chaja, ndipo phokoso likatha, mwapeza gwero lake. Mungathe kujambula laputopu ikuyendera batire, kapena kuika thiransifoma ya mawu ya 1:1 pakati pa miksa ndi bolodi, kapenanso kugwiritsa ntchito cholekanitsa USB chokhala ndi ADuM3160 ya Analog Devices, chimene chimagwirizana ndi liwiro la IC imeneyi. Ndaonapo anthu akuthyola mwendo wa earth pa pulagi kuti phokoso lithe. Chonde musatero, chifukwa mwendo umenewo ndi umene umateteza munthu wogwira maikolofoni yachitsulo pamene chipangizo chawonongeka mkati.

PCM2902 ilinso ndi S/PDIF, njira ya Sony ndi Philips yotumizira mawu ali manambala kale pa waya wa 75 ohm. Pa bolodi ndinasiya malo ake, koma sindinaikepo zida, chifukwa miksa za m'mipingo yathu zambiri zilibe bowo limenelo. Ofuna mabiti 24 kapena njira zambiri zojambulira nthawi imodzi kawirikawiri amapita ku USB Audio Class 2.0 ndi ma IC ofuna kulembera pulogalamu, monga a XMOS, ndipo imeneyo ndi ntchito ina yaikulu. Kwa kwaya yoyimba m'tchalitchi cha malata, momwe phokoso la chipinda limaposa la bolodi, mabiti 16 ndi okwanira.

Chomaliza ndi nyengo ya kuno. M'miyezi ya chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza zimalowetsa chinyezi paliponse, ndipo mkuwa wosaphimbidwa umada msanga, pamene flux wotsala pakati pa miyendo yoyandikana amakoka chinyezi n'kuyamba kudutsitsa magetsi pang'ono. Mukamaliza kuyesa, tsukani bolodi ndi spirit ndi kamswachi, iume bwinobwino, kenako ipakeni vanishi yopyapyala kupatula pa masoketi. Yanga ili m'kabokosi kachitsulo kolumikizidwa ku ground pamalo amodzi, pafupi ndi masoketi a mawu, ndipo mkati ndinaikamo kathumba ka silica gel kochokera m'bokosi la nsapato, kuti kaziyamwa chinyezi.