Ovina a ku Monte Albán amene sakuvina

Kumadzulo kwa bwalo lalikulu la Monte Albán, mzinda wakale wa paphiri ku Mexico, kuli khoma la miyala yafulati yozokotedwa zithunzi za anthu. Alendo ambiri akafika pamenepa amaseka, ena mpaka kupinda mwendo kutengera chithunzicho kuti awajambule. Dzina lake ndi limene limawapusitsa. Miyalayi amaitcha Danzantes, kutanthauza ovina m'Chisipanishi, chifukwa anthu amene analemba za malowa m'zaka za m'ma 1800 ankaganiza kuti akuona gule.

Musafulumire kudutsa. Yandikirani mwala umodzi, muyambire kumutu. Maso ndi otseka, kukamwa kuli yasa, munthuyo ali maliseche, ndipo manja ndi miyendo zapindika mosonyeza kuti thupi lilibe mphamvu. Pa miyala ina, pamalo obisika pazokotedwa mizere yopiringizika ngati maluwa, imene akatswiri amati ndi magazi akutuluka. Ambiri mwa ofufuza amakhulupirira kuti awa ndi adani ogwidwa pankhondo n'kuphedwa, ndipo zizindikiro zimene zili pambali pa ena mwa iwo ndi mayina awo. Ena amati ndi eni mzinda amene ankadzicheka kupereka magazi nsembe. Mulimonsemo, palibe akuvina. Miyala yotere inapezeka pafupifupi 300, ndipo ndi ina mwa zinthu zakale kwambiri paphiripo. Azapoteki, mtundu wa anthu a m'deralo, anakhazikitsa mzindawu cha m'ma 500 Yesu asanabadwe. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri sadziwa kuti ina mwa miyala ya panjayi ndi yongofanizira. Yeniyeni ina anaisamutsira m'nyumba yosungiramo zakale imene ili pakhomo lolowera, kuopa mvula ndi dzuwa. Muyambe mwalowa m'menemo musanapite kubwalo.

Za msewu palibe zambiri. Kuchokera mumzinda wa Oaxaca, kummwera kwa Mexico, ndi makilomita pafupifupi 9, koma njira yake ndi yokhotakhota yokwera phiri, choncho muyembekezere theka la ola. Mabasi a alendo amanyamukira cha ku msewu wa Mina, kufupi ndi misika ya pakati pa mzinda. Pogula tikiti yopita ndi kubwerera mufunsitse nthawi yobwerera, chifukwa mukasiyidwa mudzalipira takisi. Mutenge mapeso, ndalama za kumeneko, m'thumba. Lamlungu nzika za Mexico zimalowa ulere m'malo oyang'aniridwa ndi bungwe la boma losamalira zakale la INAH, ndiye tsikulo anthu amadzaza mpaka pamasitepe kuchita kudikirana. Tsiku la pakati pa sabata, m'mawa chipata chikangotsegulidwa, ndiye nthawi yabwino.

Dzuwa la kumeneko si lamasewera. Phirili lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,940 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kamphepo kozizira kamakunyengani khungu likupsa. Bwalo ndi lalitali mamita pafupifupi 300, mthunzi wake ndi wa mitengo yowerengeka ya m'mbali. Chipewa, madzi osachepera lita imodzi, ndi nsapato zosaterera. Masitepe a chiunda chachikulu cha kummwera, Plataforma Sur, ndi aatali komanso otsetsereka, potsika muziyenda chammbali. Nyengo ya mvula, kuyambira Juni mpaka Seputembala, udzu umabiriwira bwino koma mvula imakonda kugwa masana, chifukwa china chopitira m'mawa.

Mukafika pamwamba pa chiundacho m'pamene mumaona ntchito imene inagwiridwa. Nsonga yonse ya phiri, mamita 400 pamwamba pa chigwa, anaisalaza ndi manja, opanda zitsulo kapena ng'ombe zokoka. Pamwambapo palibe mtsinje. Anthu zikwizikwi ankakhala m'zigawo zosemedwa m'mbali mwa phiri, kudalira madzi a mvula ndi otunga kumunsi. Munthu wopuma wefuwefu ndi kabotolo kamodzi m'manja sangalephere kuganizira amene ankasenza mitsuko tsiku ndi tsiku. Pafupi pomwepo pali Edificio J, nyumba yooneka ngati nsonga ya muvi, yokhayo imene siyenderana ndi mzere wa zinzake. Ena amati inali yoonera nyenyezi. Pamakoma ake pali miyala yoposa 40 yosonyeza madera amene akuti anagonjetsedwa, yambiri ili ndi mutu wa munthu wozondoka pansi pa chizindikiro cha phiri. Bwalo la masewera akale a mpira lili chakum'mawa pafupi ndi polowera, ndipo lilibe mphete zamiyala ngati za pabwalo la ku Chichén Itzá, mzinda wina wakale wa ku Mexico.

Ogulitsa adzakutsatani ndi tiziboliboli tadongo, ena n'kumanong'ona kuti anatifukula m'munda. N'tatsopano. Mugule ngati chikumbutso pamtengo wa chikumbutso, ndipo kakanakhala kakale ndithu lamulo la Mexico silikanakulolani kutuluka nako.

Ambiri amakhumudwa ndi manda a nambala 7. Amamva kuti mu Januwale 1932 wofukula zakale wa ku Mexico, Alfonso Caso, anapezamo zinthu zoposa 400 za golide, siliva, miyala yamtengo wapatali ndi mafupa ozokotedwa, ndiye amathamangira kumeneko n'kupeza kachipinda kopanda kanthu. Mandawo anamanga ndi Azapoteki, koma chumacho n'cha Amikisiteki, mtundu wina woyandikana nawo, amene anadzaikamo akufa awo patapita zaka mazana mzinda utasiyidwa cha m'ma 800 Yesu atabadwa. Zonse zili kumunsi mumzinda wa Oaxaca, ku Museo de las Culturas, m'nyumba yakale ya ansembe ya Santo Domingo, kuphatikizapo chigaza cha munthu chomatidwa timiyala tobiriwira. Lolemba nyumbayi imakhala yotseka, choncho ulendo wokaona chigazacho musauike pa tsiku limenelo.