Bakha wa agogo ndinakamupeza ku Southampton

Agogo anga aamuna, omwe anakulira ku Chembe, ankakonda kunena kuti anaonapo ndege ikutera panyanja ngati bakha. Ife adzukulu tinkangotsinana, n'kumati nkhalamba yayamba zake zija. Koma sankanama ayi. Mu 1949 ndi 1950, ndege za kampani ya ku Britain ya BOAC zochoka ku Southampton kupita ku Johannesburg zinkaimadi pa Cape Maclear.

Ndiye Loweruka lapitali ndinalawirira kukakwera sitima ku London Waterloo, ulendo wa ku Southampton. Kunali kamvula kowaza kosatha kaja. Nditatsika ndinasokerako pang'ono, mpaka mayi wina wachikulire anachita kundilozera njira ya ku Solent Sky, nyumba yosungiramo ndege zakale.

Ukangolowa, maso amathera pa chindege chimodzi, Short Sandringham. Abale, chinthucho n'chachikulu! Injini zinayi, mapiko ali pamwamba, kumimba kwake kosongoka ngati bwato. Chinapangidwa mu 1943 ngati Sunderland, ndege yankhondo yosaka sitima za adani zoyenda pansi pamadzi, kenako anachisintha kuti chizinyamula anthu. Zomwe zinkatera kwathu zinali za mtundu wa Solent, koma zonse n'za kampani imodzi, Short Brothers, ndipo n'zofanana ngati ana a mimba imodzi. Amalola kulowa mkati. Ndinasuzumira pawindo, n'kuyerekeza kuti kunjaku kuli asodzi m'mabwato, ndipo pakati pawo pali kamnyamata kena kali kukamwa yasa.

Pobwerera ndinadzera m'kasitolo kena kogulitsa tindege tapulasitiki tomanga wekha. Ine wokulira pa magalimoto a mawaya, mtima sunagwire. Ndinkafuna Sunderland ya kampani ya Airfix, koma wogulitsa, bambo wolankhula mosapumira, ananditulutsira bokosi la kampani ina, Roden: Felixstowe F.2A, gogo wa ndege zonsezi. Iyi ndi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Msilikali wa ku Britain, John Cyril Porte, anatenga ndege ya ku America ya Curtiss n'kuikonzera thupi lina lotha kulimbana ndi mafunde a North Sea. Inali yamatabwa ndi nsalu, ya mapiko awiri osanjikizana ndi injini ziwiri za Rolls-Royce Eagle. Mu 1918 zina ankazipaka mizeremizere yowala ngati chitenje, kuti ikagwera m'nyanja anzawo aione msanga. Chimenechi n'chomwe chinandikopa, osati zankhondozo.

Pabokosi analemba 1/72, kutanthauza kuti chilichonse anachichepetsa ka 72. Mapiko a mamita 29 asanduka masentimita 40 okha. Bambo uja anandifunsa ngati ndinamangapo ndege ya mapiko awiri. Ndinati inde. Linali bodza.

Musitima sindinapirire, ndinatsegula bokosi. Timitengo togwira mapiko n'tating'ono kuposa machesi, ndipo tilipo tambirimbiri. Mawaya omangirira mapikowo mulibemo, umachita kupeza wekha ulusi wopyapyala n'kumalowetsa umodziumodzi. Sitima itagwedezeka cha ku Winchester, kamtengo kamodzi kanathothoka n'kugwera pansi pa mpando. Ndinagwada kukasaka, anthu akundiyang'ana, osakapeza.

Pano ndege ili pathebulo lodyera, thupi ndalumikiza, zala zili guluu yekhayekha. Mayi a kunyumba andipatsa mpaka Lamlungu kuti ndichotsepo. Pomwe panasowa kamtengo paja ndaikapo kawaya ka pa chitsekero cha botolo.