Kalulu, Fisi ndi makhadi ena a m'bokosi langa

Bokosi langa lili ndi makhadi 180, ndipo nambala imeneyi sisintha. Khadi latsopano likafuna kulowa, lina liyenera kutuluka. Kusankha lotulukalo ndiko kumandidya mutu kuposa kujambula, kudula mapepala kapena kusaka makhadi enieniwo muno mu Lilongwe.

Masewero amene ndikunenawa ndi Magic: The Gathering, amene anayambitsa katswiri wa masamu wa ku America, Richard Garfield, ndipo kampani ya Wizards of the Coast inawatulutsa mu 1993. Makhadi a Pokémon anabwera mu 1996 ku Japan, a Yu-Gi-Oh! a kampani ya Konami n'kutsatira mu 1999. Onsewa mutu wake ndi umodzi: umasonkhanitsa makhadi, umasankhapo ena n'kupanga deki yako, kenako umakumana ndi mnzako amene wapanganso yake. Ku Magic deki yanthawi zonse imakhala ya makhadi osachepera 60, ndipo kupatula makhadi wamba a malo (amene amapereka mana, yolipirira makhadi ena powatsitsa), khadi limodzi sungaliike koposa kanayi. Kwathu kuno vuto lake n'loonekeratu. Amene ali ndi m'bale kunja womutumizira makhadi amphamvu ndiye azipambana Loweruka lililonse. Zili ngati bawo yoti mnzako wayamba ndi nkhomo zochuluka kuposa zako.

Osewera akunja anapeza kale njira yozembera zimenezi, imene amaitcha cube. Munthu mmodzi amasonkhanitsa makhadi, lililonse limodzilimodzi, ndipo onse amasewera ndi a m'bokosi lomwelo. Kawirikawiri cube imakhala ya makhadi 360 ya anthu 8. Aliyense amalandira timilu titatu ta makhadi 15. Amatengapo limodzi, otsalawo n'kupatsira woyandikana naye, mpaka aliyense atakhala ndi 45. Pamenepo amasankha pafupifupi 23, n'kuwonjezera makhadi a malo 17 opereka mana, deki ya 40 yakwana. Ife timakhala anayi pakhonde ku Area 25, ndiye theka lake limatikwanira. Mayi a nyumba yoyandikana nafe anafunsapo akazi anga ngati njuga ya bambowa imabweretsako kanthu pakhomo. Sibweretsa. Imangotenga.

Makhadi enieni ambiri amene ndili nawo anabwera m'zikwama za anthu. Alamu anga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo kumeneko kuli masitolo ogulitsa makhadi wamba ambirimbiri pamtengo wotsika, aja amene osewera a mipikisano sawacheukira n'komwe. Kwa munthu wa cube amenewo ndiye chuma. Kuitanitsa pa intaneti ndimakuopa, chifukwa ndalama yotumizira imaposa mtengo wa khadilo, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, za mapaketi osatsegula sindiziganiziranso. Ndipotu paketi yotseka ndiyo njuga yeniyeni: umalipira usanaone zam'kati.

M'misika ya m'tauni muno, pa mabenchi a zidole, mumapezeka timapaketi ta Pokémon ndi Yu-Gi-Oh! totchipa modabwitsa. Amene ndawagwirapo ine ambiri ndi abodza. Kuwazindikira sikuvuta. Khadi lenileni ndi mapepala awiri omatidwa, okhala ndi kamzere kakuda pakati ngati ndi la Pokémon, kapena kabuluu ngati ndi la Magic. Labodza limakhala lopyapyala, ndipo mukaliunika ndi tochi ya foni kuwala kwake kumaoneka mosiyana ndi lenileni, choncho ndi bwino kukhala ndi limodzi lodalirika loyerekezera. Zilembo zimakhala zosokonekera, mtundu wa kumbuyo wotuwa, mwina HP (nambala ya moyo wa Pokémon) ya masauzande angapo yoti siinalembedwepo pa khadi lenileni. La Yu-Gi-Oh! lenileni ndi laling'onoko, mamilimita 59 kwa 86, ndipo lili ndi kachidindo konyezimira pakona yakumanja m'munsi. Ana akamasewera ndi abodzawo ine ndilibe nawo mlandu. Choipa ndi pamene wamkulu akusinthanitsa labodza ndi lenileni la mwana, akudziwa.

Tsono kusankha. Magic ili ndi mitundu isanu, woyera, wabuluu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, ndipo m'bokosi langa uliwonse uli ndi mipando 30. Mipando 30 yotsalayo ndi ya makhadi a mitundu iwiri ndi opanda mtundu. Mndandanda wonse uli pa laputopu, wosanjidwa motsatira mana amene khadi limafuna, chifukwa mtundu ukachulukitsa makhadi a mana 5 ndi 6, wosewera nawo amangokhala manja lende nthawi zoyambirira, mnzake akumumenya. Ndikafuna khadi la ntchito inayake ndimafufuza pa Scryfall, tsamba la pa intaneti la makhadi a Magic, kenako ndimawalembera alamu.

Khadi lamphamvu kwambiri sindilo khadi labwino. Ndinali ndi chinjoka china chofiira chouluka chimene chikangotsika, masewero atha. Anzanga ankachikonda, aliyense ankachitola choyamba, koma palibe amene ankakumbukira mpikisano umene chinapambana, poti panalibe choganizira. Ndinachitulutsa, m'malo mwake ndinaikamo kakhadi wamba kofuna kuti munthu asankhe pakati pa kupha nyama ya mdani ndi kumuvulaza mwiniwakeyo. Mnzanga wina amanditchulabe wankhanza chifukwa cha chinjokacho. Chili m'fayilo ya matumba, limodzi ndi makhadi a Pokémon amene ndimasunga chifukwa cha zithunzi zake zokha. Anthu osunga makhadi osawaseweretsa n'komwe ndimawamvetsa, koma mtima wanga suli kumeneko.

Kusunga nakonso kuno kuli ndi zake. Mvula ikayamba mu Novembala mpaka cha mu Epulo, makhadi onyezimira amapindika, chifukwa pepala limamwa chinyontho pamene mbali yonyezimirayo siimwa. Ndimawasunga mu kontena ya pulasitiki yotseka bwino, pamwamba pa kabati pamene chiswe sichifika, n'kuikamo timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Mphira musamangire makhadi, imasiya zipsera m'mphepete. Mu Okutobala mdani ndi fumbi, limene likalowa m'silivi, kathumba ka pulasitiki kovekera khadi, limakanda khadilo.

Chimene chimandigoneka mochedwa, komabe, ndi makhadi opanga ndekha. Ndimagwiritsa ntchito Magic Set Editor, pulogalamu yaulere imene ili ndi mafelemu ake kale, iwe umangoikamo dzina, chithunzi ndi malamulo. Zithunzi timajambula tokha ndi pensulo ndi utoto wa madzi, ine ndi mwana wa achemwali anga, kenako timazijambula ndi foni panja m'mawa dzuwa lisanakule. Kutola zojambula za eni ake pa intaneti ndimakukana.

Khadi lililonse limayamba ndi muyeso. Kuyambira 1993, Grizzly Bears ndi nyama ya mana 2 ya mphamvu 2/2 (nambala yoyamba ndi yomenyera, yachiwiri yopirira) yopanda luso lina lililonse, Lightning Bolt ndi mana imodzi yovulaza katatu. Nyama yanga ikaposa muyeso woterewu, iyenera kulipira penapake.

Kalulu Wochenjera ndi wabuluu, wa mana 2, wa 1/1 basi. Nyama yomuposa mphamvu singamutchinge, ndipo akavulaza mdani mwini wake amatola khadi limodzi n'kutaya limodzi. Njovu ndi mkango amangomuyang'ana akudutsa, koma kanyama kakang'ono ngati iye kamamugwira. Aliyense amene anamvapo nthano kwa agogo ake salivutikira khadi limeneli, amalimva asanamalize kuwerenga.

Amene ndimanyada naye ndi Fisi Wadyera. Ndi wakuda, wa mana 3, wa 4/2, wamphamvu kuposa mtengo wake. Koma ayenera kuukira nthawi iliyonse imene angathe, ndipo nyama ina iliyonse ikafa, Fisi amanenepa ndi +1/+1 koma amagonekedwa chammbali, kutanthauza kuti sangaukire kapena kutchinga, watanganidwa ndi kudya. Ndiye mdani wochenjera amapha kanyama kake komwe nkhondo isanayambe, Fisi n'kutsalira pa nyama, osaukira. Wapulumuka lero, koma wamunenepetsa. Mwini Fisi naye amayamba kuwerengera ngati kupha nyama ya mdani panopa kuli kwanzeru. Mizere itatu yokha, koma anthu awiri amakhala akukanda mitu. Izi ndi zimene ndimafuna pa khadi.

Palinso Mvula ya Januwale, yobiriwira: wosewera aliyense akhoza kutsitsa khadi la malo lowonjezera pa nthawi yake, koma nyama zonse zimalowa zitagona, zatitimira. Pansi pake ndinalembapo mwambi uja wakuti walira mvula walira matope.

Mwana wa achemwali uja anabwera ndi pepala lake tsiku lina.

"Malume, Njovu yangayi ikhale ya 20/20, mana imodzi."

"Nanga mnzako aziyankha ndi chiyani, mwanawe?"

"Asayankhe."

Tinagwirizana pa mana 6, mphamvu 6/6 yopondereza zotchinga, mofanana ndi Colossal Dreadmaw. Anadandaula, koma chithunzi chake cha njovu yothyola mpanda wa chimanga ndicho chokongola kuposa zonse m'bokosimo.

Anzanga akhala akundikakamiza kuti ndipange makhadi a Gule Wamkulu, akuti angakongole koopsa. Kukongola angakongoledi, koma ndinakana ndipo ndikukanabe. Gule ali ndi eni ake, ali ndi malo ake ndi nthawi yake, pamaliro, pachinamwali, polonga mfumu. UNESCO inamulengeza kukhala chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, koma ngakhale pakanapanda zimenezo, sindingamulembe manambala a mphamvu n'kumamuponya pa mulu wa makhadi otayidwa. Nthano za nyama n'zokwanira, ndipo sizitha.

Khadi latsopano silipita msanga kosindikiza. Limayamba ngati kapepala kolemba pamanja kolowetsedwa m'silivi, kutsogolo kwa khadi wamba la malo. Timaliseweretsa choncho, ndikufufuta ndi kulembanso, mpaka mikangano itachepa. Likakhazikika ndiye ndimalikonza bwino. Khadi la Magic ndi la mamilimita 63 kwa 88, chimodzimodzi la Pokémon, ndipo pa 300 dpi limakhala pafupifupi mapikiselo 744 kwa 1039. Ndimasiya mamilimita atatu owonjezera m'mbali kuti podula pasaoneke zoyera. Pa pepala la A4 pamakwana 9. Ndimapita nalo ku Old Town lili PDF pa fulashi, ndipo mawu anga kwa wosindikiza ndi amodzi nthawi zonse: "Achimwene, musalole makina asinthe kukula, zikhale 100 peresenti." Makina akalichepetsa kuti likwane pa pepala, khadi limasambira m'silivi.

Pepala lolimba la 300 gsm limaoneka bwino m'manja, koma pa cube ndimakonda lopyapyala, lodulidwa ndi rula yachitsulo ndi mpeni wakuthwa, n'kulowetsedwa kutsogolo kwa khadi lenileni. Masilivi onse ayenera kukhala a mtundu umodzi, osaonekera kumbuyo, kuti munthu asadziwe kuti Fisi ndiye ali pamwamba pa deki. Pansi pa lililonse ndimalemba kuti "lopanga pakhomo". Sindigulitsa, ndipo pa mpikisano wovomerezeka silingaloledwe. Masewerowa ndi a eni ake, ife timangobwereka malamulo pakhonde.

Panopa pa tebulo pali Nadzikambe. Maganizo ndi akuti azilowa ngati chifanizo cha nyama iliyonse imene ili pabwalo, monga limachitira khadi lakale la Clone la mana 4, koma wanga akhale wa mana 3, ndipo poti nadzikambe amayenda mozengereza, asaukire kapena kutchinga mpaka nthawi yake yachiwiri itakwana. Mkangano wabuka pa Fisi. Nadzikambe akasanduka Fisi, lamulo lina likuti aukire, lina likuti adikire. M'malamulo a Magic choletsa chimapambana cholamula, ndiye adikira. Koma mnzanga wa chinjoka uja akuti ngati khadi likufuna kuti munthu adziwe zimenezo, ndiye kuti silinalembedwe bwino, ndipo akufuna ndiwonjezere mzere. Malo a mzerewo pa khadipo palibe, pokhapokha ndichepetse chithunzi, chimene mwana wa achemwali anatha Lamulungu lonse akupaka utoto. Loweruka likubwerali tiliyesa lili kapepala kolemba pamanja.