Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Maburashi awiri m'dzanja limodzi

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa chisanu changa choyamba ku Seoul, likulu la dziko la South Korea. Chimene chinanditulutsa m'chipinda nyengo imeneyo ndi kalasi ya Loweruka masana ku Insadong, dera lodzaza ndi masitolo a maburashi, inki ndi mapepala. Kumeneko timaphunzira minhwa, zojambula za anthu wamba zimene zinafala kwambiri m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, mu ufumu wakale wa ku Korea wotchedwa Joseon.

Ine mtima unali pa nyalugwe wamizeremizere wa maso otong'oka uja, amene amamujambula pamodzi ndi mbalame ya kkachi n'kumumata pachitseko chaka chatsopano kuti apirikitse zoipa. Koma aphunzitsi, mayi achikulire amene tonse timawaitana kuti seonsaengnim (mphunzitsi m'Chikoreya), anandipatsa duwa la moran, chizindikiro cha chuma ndi ulemu.

Anayala hanji, pepala lopangidwa ndi khungwa la mtengo wa dak, pamwamba pa chithunzi chojambulajambula kale, n'kuti nditsatire mizere ndi inki. Zinandiwawa. Kodi kukopera n'kujambula? Iwo anandifotokozera modekha kuti ojambula akalewo amapatsirana zithunzi zotere, ndipo ambiri sankalemba ngakhale mayina awo. Pomwepo ndinakumbukira agogo akukongoletsa khoma ndi dothi lofiira ndi loyera monga anaonera kwa amayi awo, ndipo ndinangoti zii.

Chovuta chenicheni chinali barim, luso lozimiriritsa utoto pang'onopang'ono. Umagwira maburashi awiri m'dzanja limodzi: ina ya utoto wosakaniza ndi agyo, guluu wochokera ku zikopa za nyama, ina ya madzi okhaokha. Ukaika utoto patsinde la tsamba la duwa, umatembenuza zala msanga n'kuukoka ndi yamadzi ija mpaka uzimirire pang'onopang'ono kunsonga. Ukachedwa utoto umauma n'kusiya mzere. Madzi akachuluka umayenderera. Masamba anga oyamba onse anayenderera.

Aphunzitsi anabwera kumbuyo kwanga, nagwira dzanja langa, tinakoka limodzi. "Cheoncheonhi," anatero, kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Ndinaona kufiira kukusanduka kuyera popanda malire, misozi n'kulengeza m'maso.

Duwalo linanditengera Maloweruka atatu. Nditamaliza ndinalikulunga bwinobwino, n'kukwera nalo sitima yapansi panthaka nditalikumbatira pachifuwa kuopa chipale chofewa. Za nyalugwe uja ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.