Miyezi isanu imene imatidyetsa ku Dubai

Kampani yathu yoyendetsa alendo ndi yaing'ono: ine, mayi akunyumba ndi galimoto imodzi. Pafupifupi ndalama zonse zimene timapeza pa chaka zimalowa pakati pa Novembala ndi Malichi, chifukwa imeneyo ndiyo nyengo imene munthu angayende panja ku Dubai osakomoka. Mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 40, moti boma limachita kuletsa ntchito zapanja kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 Juni kufika pa 15 Sepitembala. Koma mu Januwale masana kumangofunda bwinobwino, cha m'madigiri 24, usiku n'kutsika kufika cha m'ma 14. Malo amene anali otseka amatsegulidwa, mipando imatulutsidwa m'makhonde, foni yathu n'kuyamba kulira.

Kuno ndinabwera kudzagwira ntchito ya udalaivala pa hotela ina ku Deira. Ku Deira n'kumene amafikira anthu akwathu obwera kudzapikula katundu: mafoni, nsalu, zikwama, mafuta onunkhira, ena n'kuwolokera ku Sharjah kukasaka zipangizo za galimoto. Nambala yanga inayenda yokha pa WhatsApp, wina kuuza mnzake kuti kuli mnyamata wakwathu amene amadziwa njira. Ndikuwathandiza choncho ndinaona chinthu chimodzi. Munthu akamaliza kupikula n'kusiya katundu kwa a kago, amatsala ndi tsiku kapena awiri akudikira ndege. Yochoka kuno molunjika ku Lilongwe kapena ku Blantyre kulibe, anthu amadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ena amakatsikira ku Lusaka, ndipo kusintha tikiti ndi ndalama zinanso. Masiku amenewo ankathera m'chipinda, kuwerengetsa malisiti. Munthu walipira tikiti yodula chonchija, n'kubwerera kumudzi ataona makatoni okhaokha.

Chimene chinatilimbitsa mtima ndi Expo 2020, chionetsero chachikulu chija chimene chinachedwa ndi mliri wa Covid n'kudzachitika kuyambira pa 1 Okutobala 2021 mpaka pa 31 Malichi 2022. Dziko lililonse linali ndi nyumba yakeyake yoonetseramo zinthu, Malawi ndi Zambia omwe, ndipo tinayamba kulandira anthu amene sanabwerere geni, ongofuna kuona. M'chaka chomwecho cha 2021 lamulo linali litasintha, kulola mlendo kukhala mwini wa kampani yonse pa mitundu yambiri ya bizinesi popanda kugawana ndi nzika ya dziko lino. Chiphaso cha zokopa alendo, lendi ya kaofesi ndi inshulansi zinadya ndalama zimene tinkasungira malata a nyumba yathu kumudzi. Mayi ndi amene amagwira mabuku ndi foni, ine chiwongolero.

Mlendo akandifunsa kuti ndimuonetse chiyani, ndimayamba ndi ngamila. Mipikisano yake imachitikira ku Al Marmoom, kunja kwa mzinda mukamalowera ku Al Ain, ndipo imachitika nyengo yozizira yokha. Kulowa n'kwaulere. Vuto ndi kudzuka, chifukwa yambiri imayamba kukungocha, ndipo kudzutsa munthu amene wazungulira mashopu mpaka pakati pa usiku si ntchito yamasewera. Mukafika mumapeza ngamila zitafola, zoonda miyendo, zitafunditsidwa mabulangete. Pamsana pa iliyonse pamangiriridwa kaloboti kakang'ono kovekedwa malaya amitundu, kali ndi kachikwapu. Kale ankakwezapo ana ang'onoang'ono, ambiri otengedwa kumayiko osauka, mpaka mu 2005 boma linaletsa kukweza aliyense wosakwana zaka 18, ndiye m'malo mwawo munalowa timaloboti. Chingwe chikangochotsedwa, ngamila zimaliyatsa liwiro thovu lili kukamwa, ndipo m'mbali mwa bwalo mumathamanga chigulu cha magalimoto oyera, eni ake akuimba mahutala, dzanja lina pa rimoti yokwapulira, pakamwa pali wailesi yokuwira ngamila kudzera mu kaloboti kaja. Alendo anga ambiri amaiwala ngamilazo n'kumaonerera magalimoto. Agogo ena amene anabwera ndi mwana wawo anaseka mpaka kukhala pansi, n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, amene akupikisana ndi ati, nyamazi kapena eni ake?"

Madzulo timapita kuchipululu chenicheni, kumilu ya mchenga wofiira ya ku Lahbab. Kumeneko sindiyendetsa ndine. Pamafunika chiphaso chapadera ndi galimoto yomangidwa zitsulo m'kati, choncho timagwirizana ndi madalaivala amene ntchito yawo ndi yomweyo, ambiri ochokera ku Pakistan. Asanalowe mumchenga amaphwetsako matayala kuti apondeponde motambalala, galimoto isatitimire. Kenako ndi kukwera ndi kutsetsereka chammbali, mchenga ukuwaza pagalasi, m'galimoto muli mfuu ndi mapemphero. Amayi oyembekezera ndi odwala msana sitiwalola, ndipo aliyense timamuuza kuti asakhute masana.

Chimene anthu akwathu sakhulupirira ndi kuzizira. Anyamuka kumudzi mu Disembala, nthawi ya mvula ndi chitungu, amva kuti akupita kuchipululu, ndiye m'chikwama mulibe ngakhale juzi. Koma mchenga wouma susunga kutentha, ndipo kumwamba kukakhala kopanda mitambo kutentha konse kumathawa dzuwa likangolowa. Usiku wina wa mu Januwale kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10, mphepo yake yolowa m'mafupa ngati ya Chiperoni ku Thyolo, kungoti yopanda mawawa. M'buti ya galimoto yathu mumakhala chikwama cha majuzi ndi zitenje, ndipo palibe chimene chinatibweretsera makasitomala ambiri kuposa chikwama chimenecho. Munthu amaiwala mtengo umene analipira, koma saiwala amene anamufunditsa. Kumsasa kumakhala moto, nyama yootcha, zipatso za kanjedza, khofi wa Chiarabu wothira cardamom m'timakapu topanda chogwirira, ndi timandasi tozungulira tothira uchi wa kanjedza totchedwa luqaimat. Amene sakufunanso khofi amagwedeza kakapu, apo ayi azingomuthirirabe.

Burj Khalifa timapita, inde. Ndi nyumba yosanja yaitali mamita 828, inatsegulidwa mu Januwale 2010, ndipo palibe amafuna kubwerera wopanda chithunzi chake. Kukwera pamwamba n'kodula, makamaka nthawi yolowa dzuwa, ndiye ambiri ndimawalangiza kujambulitsa ali pansi. Ski Dubai, nyumba yosewereramo pa chipale ya mu Mall of the Emirates, imene yakhalapo kuyambira 2005, yokhala ndi chipale chake chopanga komanso mbalame za penguin, ndimaisungira mabanja obwera ndi ana. Kwa ine n'zachisoni kutsekera mlendo m'nyumba yoziziritsidwa ndi makina pa miyezi yokhayo imene kunja kuli bwino.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dirham, ndalama ya kuno, inamangiriridwa ku dola ya ku America, pa 3.67, ndiye kwa munthu wochokera ku Malawi chilichonse kuno chinakwera usiku umodzi. Amene ankafunsa za ulendo wa kuchipululu anayamba kufunsa ngati pali chinachake chotchipa. Mayi ndi amene anakhala pansi n'kulemba ulendo wa tsiku lathunthu umene mlendo amalipira galimoto ndi nthawi yathu basi, pakhomo osatulutsa kanthu kapena kutulutsa zochepa. Lero ndi umene umayenda malonda kuposa ina yonse.

Timayamba m'mawa ku Ras Al Khor, dambo la madzi amchere limene lili m'kati mwenimweni mwa mzinda. Nyengo yozizira kumadzaza mbalame za flamingo, ndipo timanyumba toonerera ndi taulere. Mumaona mbalame zofiirira zitaima ndi mwendo umodzi, kumbuyo kwake nyumba zosanja zagalasi. Tikachoka apo timapita ku Al Fahidi, dera lakale la tinjira topanikiza ndi nyumba zokhala ndi nsanja zokokera mphepo, zimene ankaziziritsira zipinda magetsi asanabwere. Kenako timawoloka Dubai Creek, madzi a m'nyanja olowa m'kati mwa mzinda, pa abra, bwato lamatabwa la injini, pa dirham imodzi yokha. Mumakhala pa benchi la pakati, mapazi pafupi ndi madzi, mbalame za kunyanja zikulimbirana pamwamba, m'mbali mutaima zombo zamatabwa zimene mpaka pano zimanyamula mafiriji ndi matayala kupita kumadoko akutsidya. Kutsidyako ndi msika wa zokometsera ndiwo ndi wa golide. Apa amayi a geni amandiposa, ndimangoima pambali kuwaonerera akunenerera mitengo. Tikatopa, tiyi wa karak wa m'kakapu ka pepala. Usiku timakathera ku Global Village, misika ndi zionetsero za mayiko osiyanasiyana pamalo amodzi, imene inayamba mu 1997 ndipo imatsegulidwa kuyambira Okutobala mpaka kutentha kukayamba. Mtengo wolowera ndi wochepa, koma ndimachenjezeratu kuti ndalama zimathera m'kati.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatisokonezera ndondomeko. Choyamba ndi chifunga. M'mawa wina wa mu Januwale ndi Febuluwale chimatseka msewu moti galimoto yakutsogolo siioneka, ndege zimachedwa, ndipo ulendo wa ku Al Marmoom umafa wokha. Chachiwiri ndi Ramadan, imene mu 2025 inayamba pa 1 Malichi ndipo chaka chilichonse imafulumira ndi masiku 10 kapena 11, kutanthauza kuti zaka zikubwerazi izigwera pakati penipeni pa nyengo yathu. Malo odyera ambiri masiku ano amatsegulabe masana, koma alendo timawapempha kuti asamadye kapena kumwa akuyenda mumsewu, ndipo kumisasa ya kuchipululu magule amachepa. Kwa makasitomala athu Achisilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga iyi ndiye nthawi yabwino koposa. Timawatengera kukaona apolisi akuomba mzinga dzuwa likamalowa, kenako kukamasula swaumu limodzi ndi khamu la anthu amitundu yonse.

Dzuwa likabwerera, ntchito yathu imasanduka ina: kulondola katundu wa anthu kwa a kago, kujambula zinthu m'mashopu n'kutumiza zithunzi kwa amene sanathe kubwera, kukatenga ndi kukatula anthu kubwalo la ndege. Zimalipira lendi, osapitirira apo.

Pano tikukangana za Hatta, kumapiri a Hajar, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera mumzinda. Kuli damu la madzi obiriwira pakati pa miyala kumene anthu amapalasa timabwato, ndipo kumazizira kuposa kuno. Alendo amene apitako amabwera akuuza anzawo, koma ulendowo umadya tsiku lonse, ndipo galimoto ikapita ku Hatta ndiye kuti ena onse a tsiku limenelo tawakana. Ine ndikufuna galimoto yachiwiri ndi dalaivala, mwina mnyamata wakwathu amene ali kale kuno. Mayi akuti ndiyambe ndawaonetsa pa pepala amene adzalipire ngongole yake mu Julayi. Pepalalo ndikulembabe, ndipo chaka chino ku Hatta tizipita Lachitatu lokha.